Kanema Akauma Pakati, Musathamangire Kufufuta

Nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati ikafika, kuyambira anthu atakolola mpaka mvula yoyamba, ojambula makanema saona tulo. Loweruka lililonse kamera imakhala paphewa kuchokera kutchalitchi mpaka kuholo, ndipo mkati mwa sabata amatanganidwa pakompyuta kudula ndi kulumikiza zomwe ajambula. Koma si makanema onse amene amafika bwino kwa eni ake. Banja limasonkhana pabalaza, fulashi n'kulowa mu TV, akwati n'kuyamba kulowa m'holo, kenaka chithunzi n'kuuma. Nyimbo ikupitirira, nthungululu zikumveka, koma anthu pagalasi angoti chilili. Pena chithunzi chimaphwanyika n'kusanduka timabokosi tobiriwira ndi totuwa. Pena fayilo imakana kutseguka kumene.

Vutoli silisankha. Limagwera kwaya imene yasonkha ndalama chaka chonse kuti ijambule nyimbo zake, mtolankhani amene wabwera ndi nkhani kuchokera kutali, ngakhalenso mwana amene ali ku Johannesburg akudikira kanema wa maliro a mayi ake, komwe sanathe kukapezekako. Zochitika zoterezi sizibwerezedwa, n'chifukwa chake kanema akauma mitima imawawa.

Zikatere chala chimaloza wojambula. Iye naye amaloza kompyuta, kapena mnyamata wa pamalo oikira nyimbo ndi mafilimu amene anakopera kanemayo. Mkangano uli mkati, wina amatenga khadi la m'kamera n'kulifomata poganiza kuti liyera, kapena kujambulirapo ukwati wa Loweruka lotsatira. Apa m'pamene kanema amafera zenizeni. Kawirikawiri kanema wouma pakati amakhala akadali ndi moyo. Mwina fayilo ili bwinobwino koma chipangizo choonerapo chalephera kuinyamula. Mwina zithunzi zonse zilimo, changosowa ndi kagawo kakang'ono kolozera malo a chithunzi chilichonse. Zida zambiri zokonzera mavutowa ndi zaulere. Chimene chimasowa kwa ambiri ndi mtima wofatsa, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene zimachitika kanema akamayenda

Kanema ndi zithunzi zambirimbiri zosinthana mofulumira: 25 pa sekondi imodzi m'makamera ambiri otsatira muyezo wa kuno ndi ku Ulaya, 30 kapena 60 m'mafoni. Pa liwiro la 25, ola limodzi limakhala ndi zithunzi 90,000. Chithunzi chilichonse chikanamasungidwa chathunthu, khadi la 32GB likanadzaza m'mphindi zowerengeka. Choncho makamera amazipanikiza pogwiritsa ntchito njira yotchedwa codec. Yofala kwambiri ndi H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003. Ya pambuyo pake, H.265 kapena kuti HEVC, inabwera mu 2013, ndipo imatha kuchepetsa kukula kwa fayilo pafupifupi ndi theka chithunzi chikuonekabe bwino chimodzimodzi.

Njira zimenezi zimasunga chithunzi chathunthu apo ndi apo, mwina kamodzi pa sekondi imodzi kapena ziwiri. Pakati pake zimangolemba zomwe zasintha: dzanja lakwera, mutu watembenuka, koma khoma ndi mipando zili pomwe zinali. Ndiye chithunzi chathunthu chija chikawonongeka, zonse zodalira icho zimasokonekera mpaka chathunthu china chitafika. Ndiko kuuma kwa masekondi angapo kumene timaona, kenaka kanema n'kudumphira kutsogolo. Mawu amapitirira chifukwa amasungidwa mu mzere wawowawo.

Zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo, monga MP4, MOV, MKV kapena AVI, zimangotiuza mtundu wa chotengera chimene chamanga zithunzi ndi mawu pamodzi. Mafayilo awiri a MP4 akhoza kukhala ndi zam'kati zosiyana kotheratu, ina H.264 ina HEVC, ndipo TV imodzi ikhoza kulandira yoyambayo n'kukana yachiwiriyo. Kusintha dzina la fayilo kuchoka ku MOV kupita ku MP4, monga ena amachitira, sikusintha kanthu m'kati mwake.

Fufuzani kaye pamene pali vuto

Malo amene vuto lingabisale ndi anayi: pulogalamu yoonetsera, chipangizo choonerapo, fulashi kapena khadi losungira, ndi fayilo yeniyeniyo. Kuyesa kukonza musanadziwe malo ake n'kutaya nthawi, ndipo mukhoza kuwononga chinthu chomwe chinali chabwino.

Choyamba, koperani kanemayo pakompyuta n'kumuonera pomwepo. Akayenda bwino, ndiye kuti fayilo ili bwino, mwina fulashi ndi yaulesi, polowetsera pake ndi pokutha, kapena chipangizo choonerapo chinalephera kuinyamula. Kukoperako kukamaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, kapena kompyuta ikamadandaula kuti ikulephera kuwerenga, ndiye kuti chosungiracho chikudwala. Musachikakamize mobwerezabwereza. Pulumutsani kaye mafayilo ena onse amene akutheka.

Chachiwiri, yesani pulogalamu ina. Yodalirika kwa ambiri ndi VLC, ya chizindikiro cha kachipewa kosongoka ka lalanje komwe amaika pamsewu akamakonza. Inayambitsidwa ndi ophunzira a pa sukulu ya École Centrale Paris ku France mu 1996, ndipo kuyambira 2001 aliyense amaipeza mwaulere. Ubwino wake ndi wakuti imabwera ndi ma codec akeake, ndipo imayesetsa kudumpha malo owonongeka pamene mapulogalamu ena amangogonja.

Chachitatu, lembani mphindi imene kanema akuuma. Akamauma pa mphindi 14 nthawi zonse, pa TV, pafoni ndi pa laputopu, vuto lili m'fayilo. Akamauma malo osiyanasiyana, lero apa mawa apo, kayikirani chipangizo. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, kuwirikiza kanayi timadontho ta 1080p. Laputopu yakale singathe kumasula zithunzi zoterezi mofulumira, makamaka zikakhala za HEVC, imene mafoni a iPhone anayamba kujambulira kuyambira 2017. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi fumbi lotseka popumira laputopu zimaonjezera vutoli, chifukwa kompyuta ikatenthedwa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse.

Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imaulula codec, kukula kwa chithunzi ndi liwiro la fayilo iliyonse. Mukapeza kuti kanema wangolemera chabe, pulogalamu ya HandBrake, nayonso yaulere, imamusandutsa H.264 wa 1080p amene pafupifupi TV ndi foni iliyonse imalandira. Eni iPhone angapeweretu vutoli posankha Most Compatible pa makonzedwe a kamera. Mu VLC, kuzimitsa kapena kuyatsa gawo lotchedwa Hardware-accelerated decoding nakonso kumathetsa kudodoma pa makompyuta ena.

Batire likatha kamera ikujambula

Vuto loopsetsa kwambiri, lomwenso limachizika kawirikawiri, ndi la fayilo yosatsekedwa. Kamera ikamajambula MP4 kapena MOV imachita ngati alebala otutira matumba a chimanga m'nyumba yosungiramo katundu tsiku lonse, kalaliki n'kudikira kuti adzalembe m'buku potsekera kuti thumba lakuti lili pamzere wakuti. Kalalikiyo akachoka asanalembe, matumba onse alimo, koma wobwera kudzatenga sadziwa poyambira. M'fayilo, zithunzi ndi mawu zimaunjikidwa m'gawo lotchedwa mdat, ndipo mndandanda wolozera, wotchedwa moov, makamera ambiri amaulemba pomaliza, wojambula akadina batani loimitsa. Batire likatha, kamera ikagwa, kapena khadi likasololedwa kagetsi kofiira kakuphethirabe, mndandandawo sulembedwa.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona. Fayilo imaonetsa kuti ndi yaikulu, mwina 3GB, koma kutalika kwake kumalembedwa 00:00, ndipo mapulogalamu ena amalemba kuti moov atom not found. Kukula kumeneko ndi nkhani yabwino, chifukwa kukusonyeza kuti zithunzi zikhoza kukhala zilimo.

Koperani kaye zonse za m'khadi pakompyuta, kenaka bwezerani khadilo m'kamera yomwe inajambula, batire lili lodzaza. Makamera ena, monga a GoPro, amazindikira okha fayilo yosatsekedwa n'kuikonza akangoyatsidwa. Ena amasiya fayilo ya dzina lachilendo: a Sony amasiya yothera ndi RSV, a Panasonic yothera ndi MDT. Ojambula osadziwa amaifufuta poiyesa zinyalala, chonsecho ndi momwe muli ntchito yawo.

Kamera ikalephera, pali pulogalamu yaulere ya Untrunc, yolembedwa ndi Federico Ponchio wa ku Italy. Imafuna mafayilo awiri: wowonongekayo ndi wina wabwino wojambulidwa ndi kamera yomweyo pa makonzedwe omwewo. Imaphunzira kamangidwe ka wabwinoyo n'kulembera wowonongekayo mndandanda watsopano. Ngati mulibe kanema wabwino wa tsiku limenelo, jambulani wa mphindi imodzi osasintha makonzedwe, koma pa khadi lina. Pa khadi lovutalo musalembepo kanthu.

Kuno kwathu vuto lomweli limabweranso ndi kuthima kwa magetsi. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense wogwira ntchito pakompyuta anaphunzira kuti magetsi satsanzika. Mipingo ndi mabungwe amene amajambula mapemphero ndi misonkhano ndi pulogalamu ya OBS Studio azisankha MKV pojambula. Fayilo ya MKV ikadulidwa pakati, zomwe zajambulidwa kufika pamenepo zimaonekabe, ndipo pulogalamu yomweyo ili ndi gawo la Remux Recordings losandutsira fayiloyo kukhala MP4 pambuyo pake.

Kusamutsira m'chotengera chatsopano

Fayilo ikamatseguka koma n'kumauma, kumakana kuthamangitsidwa kutsogolo, kapena mawu akamasemphana ndi milomo, nthawi zina chasokonekera ndi chotengera chokha. Chida chimene amisiri amadalira pamenepa ndi FFmpeg, chomwe Fabrice Bellard wa ku France anayambitsa mu 2000. Ambiri amachiopa chifukwa chilibe mabatani, munthu amachita kulemba lamulo, koma lamulo lofunika ndi lalifupi: ffmpeg -i wowonongeka.mp4 -c copy watsopano.mkv. Limatenga zithunzi ndi mawu momwe zilili n'kuziika m'chotengera china chokhala ndi mndandanda watsopano. Limatha msanga ndipo silichepetsa kuoneka bwino kwa chithunzi. Pa mafayilo akale a AVI, VLC imadzipereka yokha kumanga mndandanda wosweka isanayambe kuonetsa.

Zikakanika, chotsatira ndi kupanikizanso kanema yense ndi HandBrake kapena FFmpeg yomweyo. Pulogalamu imawerenga chithunzi chimodzichimodzi, n'kudumpha zomwe sizikuwerengeka, n'kulemba fayilo yatsopano. Pamalo owonongekawo pamatsala chipsera cha masekondi angapo, koma kanema amayenda mpaka kumapeto. Wodziwa kulumikiza makanema akhoza kuphimba chipseracho ndi chithunzi cha kamera yachiwiri kapena cha foni ya mlendo amene analipo, mawu n'kumapitirira pansi pake.

Lamulo losaphwanyika pa zonsezi ndi limodzi: konzerani pa kope. Fayilo yoyambirira ikhale payokha, yosakhudzidwa, kuti njira ina ikalephera pakhale pobwerera.

Makhadi onama msinkhu

Makanema ena amabadwa owonongeka chifukwa cha khadi kapena fulashi yachinyengo. Akamberembere amatenga kachipangizo ka 8GB n'kukasintha kuti kazinena kuti ndi ka 64GB kapena 128GB, n'kukamata dzina la kampani yotchuka. Foni ndi kompyuta zimakhulupirira zomwe khadi lanena. Masiku oyamba zonse zimayenda bwino. Malo enieni akatha, khadi limapitiriza kulandira mafayilo, koma likuwataya kapena kuwalemba pamwamba pa akale. Mayina a mafayilo amaoneka onse, kukula kwake kumaoneka kolondola, koma m'kati mulibe kanthu. Kanema wotereyu palibe mmisiri angamubweze, chifukwa sanasungidwepo n'komwe.

Njira yogwirira chinyengochi ilipo. Pulogalamu ya H2testw, yolembedwa ndi Harald Bögeholz wa magazini ya c't ku Germany, imadzaza khadi lonse n'kuwerenganso zomwe yalemba, kenaka n'kunena malo enieni amene alipo. Ogwiritsa ntchito Linux ndi Mac ali ndi F3, yogwira ntchito yomweyo. Kuyesaku kumatenga nthawi, mwina maola angapo pa khadi lalikulu, koma kuchitike khadi likadali latsopano, lisanapite ku ukwati wa munthu. Khadi lalikulu logulitsidwa pa mtengo wozizira modabwitsa ndi loyenera kulikayikira.

Khadi lenileni nalonso likhoza kuchepa liwiro. Nambala 10 yozunguliridwa ndi chilembo C imatanthauza kuti khadi limalemba zosachepera 10MB pa sekondi. Nambala 3 yokhala m'kati mwa U, kapena chizindikiro V30, ndi zosachepera 30MB pa sekondi. Makamera ambiri akamajambula 4K amatulutsa mamegabiti 100 pa sekondi, omwe ndi 12.5MB. Khadi lolemba 10MB zokha pa sekondi silingakwanitse, choncho kamera imaima yokha kapena zithunzi zina zimatayika panjira.

Kuwonongeka kwa panjira

Makanema ambiri amachoka m'kamera ali bwino n'kuvulala posamutsidwa. Mafulashi ochuluka ndi makhadi osapitirira 32GB amabwera ndi kakonzedwe ka FAT32, komwe sikalola fayilo imodzi kupitirira 4GB. Pa liwiro la 12.5MB pa sekondi, malirewo amakwana m'mphindi zisanu ndi theka zokha, n'chifukwa chake makamera amadula kujambula kwakutali m'zidutswa zingapo. Wokopera akasiya chidutswa chimodzi, kanema amaoneka ngati wathera panjira. Kanema wamkulu womalizidwa amafuna fulashi ya exFAT kapena NTFS, ngakhale ma TV ena akale sawerenga exFAT, ndiye ndi bwino kuyesa musanapereke kwa mwini wake.

Kusolola fulashi mothamanga ndi msampha wina. Kompyuta ikhoza kuonetsa kuti yamaliza kukopera ikadali kulemba zotsalira, choncho dinani Eject n'kudikira chilolezo. Dawunilodi yodukira panjira chifukwa bandulo yatha kapena netiweki yathawa imasiyanso kanema amene amayamba bwino n'kuuma pamene panadukira. Yerekezani kukula kwa mafayilo awiriwo, wa wotumiza ndi wa wolandira, mpaka nambala yomaliza. Akasiyana, musavutike n'kukonza, mungopempha kuti atumizenso. Pa WhatsApp, kanema wotumizidwa mwa nthawi zonse amapanikizidwa n'kuchepa ubwino, pamene wotumizidwa ngati Document amafika momwe alili, ndipo kuyambira 2022 njira imeneyi imalola fayilo yofika 2GB.

Fulashi yoyendayenda m'makompyuta ambiri imatolanso mavayirasi, ena mwa iwo obisa mafayilo n'kusiya tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Musadine tizithunzito. Mafayilo enieni amakhala alimo, ndipo amaoneka fulashi ikatsukidwa ndi pulogalamu yochotsa mavayirasi, kompyuta n'kuuzidwa kuti ionetse zobisika.

Windows ikafunsa ngati mukufuna kufomata khadi kuti ligwire ntchito, kanani. Ikapempha kulikonza, koperani kaye zomwe zikutheka, chifukwa kukonzako nthawi zina kumaduladula mafayilo n'kuwasandutsa zidutswa zothera ndi CHK. Ngati kufufuta kapena kufomata kwachitika kale, siyani kugwiritsa ntchito khadilo nthawi yomweyo. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec, yolembedwa ndi Christophe Grenier, imasanthula khadi lonse kufunafuna mafayilo otayika, ndipo imapambana pokhapokha ngati malo awo sanalembedwepo zina. Zomwe yapeza zisungidwe pa chipangizo china.

Pamene pali malire

Pali makanema amene sabwerera, ndipo mmisiri woona mtima amanena msanga. Pamalo polembedwapo zina, kapena pomwe khadi lachinyengo linataya zithunzi, palibe pulogalamu ingalenge zomwe kulibe. Pa intaneti pali mapulogalamu ambiri ogulitsa olonjeza zodabwitsa. Ena amathandizadi, koma musalipire musanaone ndi maso chitsanzo cha kanema wanu atakonzedwa. Samalaninso ndi masamba ofuna kuti muwatumizire fayilo yonse, komanso ndi kusiya foni kapena khadi kwa munthu wosamudziwa. Muli zithunzi za banja lanu ndi za makasitomala anu, ndipo zikatuluka simungazibweze.

Chakudza sichiimba ng'oma

Ngakhale makampani akuluakulu anaphunzira nkhaniyi movutikira. Mu 1998, ku kampani ya Pixar ku America, lamulo lolembedwa molakwika pakompyuta linafufuta pafupifupi magawo 90 pa 100 a mafayilo a filimu ya Toy Story 2. Atathamangira ku makope osungira anapeza kuti nawonso sanali bwino. Chinawapulumutsa ndi kompyuta ya Galyn Susman, mmodzi wa akuluakulu a ntchitoyo, amene ankagwirira ntchito kunyumba posamalira mwana wakhanda ndipo anali ndi kope lakelake. Phunziro lake ndi lakuti kope losayesedwa silingadaliridwe, ndipo kope losungidwa kwina ndi limene limaombola.

Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale malo ena. Kwa wojambula wa ku Ndirande kapena ku Mchinji izi n'zotheka: kope limodzi pa laputopu, lina pa hard disk yapadera, lachitatu kwa mbale kapena pa intaneti ngati bandulo ilola. Khadi lisafomatidwe mpaka makope awiri ataonedwa kuti akuyenda, ndipo kufomatako kuchitikire m'kamera momwemo. Pa mwambo wautali, imitsani kujambula pakapezeka mpata kuti fayilo itsekeke, ndipo sinthani batire lisanafike pothera. Amene kamera yawo ili ndi malo a makhadi awiri aziitchera kuti izilemba pa onse nthawi imodzi.

Inu olemba ntchito ojambula, funsani musanapereke ndalama yoyamba: mudzasunga makope angati, ndipo kwa miyezi ingati? Tsiku lolandira kanema, muonereni pamodzi ndi wojambulayo pa TV yanu, poyambira, pakati ndi kumapeto, musanamalize kulipira. Mukafika nayo fulashi kunyumba, ikopereni pamalo ena tsiku lomwelo. Ndipo inu ojambula, anthu akukupatsani tsiku limene silidzabweranso pa moyo wawo. Yesani makhadi anu, sungani makope, ndipo kanema akauma, musafomate, musafufute, musajambulirepo zina kufikira mutadziwa pamene pali vuto.